Kaundula wa ovulala m'chipatala cha ku Chigwa cha Shire: momwe mungamuyambire ndi kumusunga wamoyo

Wodwala malungo amabwera ndi kabuku kake m'manja, n'kukhala pa benchi kudikira dzina lake. Wovulala sabwera choncho. Amabwera atagonekedwa m'ngolo, kapena atamupana pakati pa anthu awiri pa njinga yamoto ya kabaza, magazi ali chuchuchu, omubweretsa aliyense akufotokoza zake. Pa nthawi imeneyo palibe amene amakumbuka pepala, ndipo salakwa, moyo uyenera kuyamba. Koma mwezi ukatha, a DHO, mkulu wa zaumoyo m'boma, akafunsa kuti ndi angati anagwidwa ndi ng'ona, angati tinawatumiza ku Queens, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo mwa amenewo angati anabwerako amoyo, timangoyang'anizana.

Ndagwirapo ntchito ya deta pa chipatala china kuno kuchigwa, ndipo ndikulembera inu amene mwapatsidwa udindo woyambitsa kaundula wa ovulala, kapena woudzutsa utafa, kaya muli ku Chikwawa, ku Nchalo, ku Ngabu, ku Bangula, ku Muona kapena ku Nsanje. Kaundula ameneyu ndi wosiyana ndi buku la ku OPD, kumene amaonera odwala osagonekedwa. Buku la ku OPD limangonena kuti munthu anabwera. Kaundula wa ovulala amamutsata munthuyo kuchokera pamene ngozi inamupezera mpaka pamene nkhani yake yathera. Chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe chinayamba wake mu 2008 mothandizana ndi University of North Carolina, ndipo zambiri zimene dziko lino likudziwa za kuvulala zachokera kumeneko. Koma ku Lilongwe kulibe mvuu m'dimba, kulibe mayi wokumba nyika m'dambo. Za kwathu kuno tiyenera kulemba tokha.

Yambani ndi kugwirizana kuti alowe ndani

Musanasindikize fomu ngakhale imodzi, khalani pansi ndi mkulu wa anamwino, akiliniko, wa mafupa ndi wa ku HMIS, ofesi yosunga ziwerengero za chipatala, mumvane kuti wovulala ndi ndani. Kwa ine, alowe aliyense amene wabwera koyamba chifukwa cha ngozi yapamsewu, kugwa, kumenyedwa, kubayidwa, kupsa, kumira, kulumidwa ndi njoka, galu, ng'ona kapena mvuu, ndi kugwetsedwa ndi khoma. Alowenso amene wafika atamwalira kale. Amene wangobwera kudzatsukitsa bala kapena kudzachotsa chikhakha asalowe kachiwiri. Zimene mwagwirizanazo muzilembe pa pepala limodzi, mumate pakhoma pomwe amalandirira odwala, ndipo musazisinthe pakati pa chaka. Mukasintha mu June, chiwerengero cha January ndi cha October sichidzafanizikanso.

Kenako yendani wapansi muwerenge makomo onse amene wovulala amalowera. Mudzadabwa. Pali OPD masana, pali wodi usiku pamene OPD yatsekedwa, pali kwa ana, pali amene amathamangira naye ku fiyeta osaima paliponse, ndiye pali ku mochale. Khomo lililonse likhale ndi mafomu ndi munthu wodziwika dzina amene akuyankhapo. Makaundula ambiri amafera usiku, Loweruka ndi Lamulungu, pamene kalaliki waweruka, chonsecho imeneyo ndiyo nthawi imene mowa ndi njinga zamoto zimatibweretsera anthu ochuluka.

Fomu ikhale ya tsamba limodzi

Kutsogolo kukhale za munthuyo, za ngozi ndi zoyeza zapakhomo. Kumbuyo kukhale mabala amene apezeka, thandizo limene walandira ndi mathero ake. Gwiritsani mabokosi ongochonga kulikonse kumene kungatheke. Funso lililonse limene mukufuna kuwonjezera, dzifunseni kuti ndani adzagwiritse ntchito yankho lake. Ngati palibe, lichotseni. Bungwe la WHO lili ndi fomu yake ya odwala ovulala imene mungatengerepo, koma muidule ifike pa msinkhu wa namwino mmodzi amene ali yekha ndi odwala 40.

Munthu mmodzi, nambala imodzi

Dzina si lodalirika. Mayi mmodzi yemweyo ku OPD amulemba ndi dzina la bambo ake, ku wodi ndi la mwamuna wake, ku X-ray kalembedwe kasinthanso chifukwa wolemba sanazolowere mayina a Chisena. Ena amachokera kutsidya ku Mozambique, alibe chitupa cha kuno, ndipo amatchula mudzi wa achibale awo poopa kubwezedwa. Choncho sindikizani mafomu ali ndi manambala kale, monga 25-0001, 25-0002, manambala awiri oyambawo akuimira chaka. Nambala imeneyo ilembedwe m'kabuku ka wodwala, pa fayilo, pa pepala la ku X-ray ndi pa kalata yomutumizira ku Blantyre. Wobwera ali chikomokere wopanda womudziwa mumulembe "wosadziwika", koma nambala mumupatse pompo. Dzina lidzamupeza.

Zaka zakubadwa nazo zimavuta. Musalembe "wamkulu" kapena "mwana". Funsani motsamira zinthu zimene aliyense kuno amakumbuka: "Mayi, madzi a 2015 aja mwanayu anali atabadwa?" "Agogo, chisankho cha 1994 munavota?" "Njala ya 2002 munali mutakwatiwa?" Mukapeza zaka moyerekeza, chongani bokosi losonyeza kuti n'zoyerekeza.

Nthawi zitatu

Lembani nthawi imene anavulala, imene anafika, ndi imene anaonedwa ndi wachipatala. Yachiwiri ndi yachitatu zili m'manja mwanu, bola pakhoma pakhale wotchi yoyenda. Yoyamba muifunse mwa chikhalidwe chathu. Anthu ambiri sanena kuti 14:30. Amati ng'ombe zinali zisanatuluke m'khola, ana anali akuweruka kusukulu, tambala woyamba anali atalira. Gwirizanani nonse kuti mawu oterewa muziwasandutsa ola liti, kuti aliyense asamalembe zake. Lembani mawola mpaka 24 kuti 7 ya m'mawa isasokonezeke ndi 7 ya madzulo.

Mufunsenso kumene anadzera. Kodi anayamba ku chipatala chaching'ono? Kwa asing'anga? Ku polisi kukatenga kalata? Anawoloka Shire pa bwato? Munthu wochokera ku East Bank kapena ku Makhanga nthawi ya dzinja akhoza kutha tsiku panjira, ndipo tsiku limenelo ndilo limapha mwendo. Ngati silinalembedwe, palibe angakhulupirire mukamapempha ambulansi ina kapena bwato la injini.

Chinamuvulaza n'chiyani

Apa ndipo pamene kaundula amasiyana ndi mulu wa mapepala, choncho musathamange. Kulemba "RTA" basi, kutanthauza ngozi yapamsewu, n'chimodzimodzi osalemba kanthu. Munthuyu anali ndani pamsewupo: woyenda pansi, wopalasa njinga, woyendetsa njinga yamoto, wokwezedwa pa kabaza, wokwera kumbuyo kwa lole, kapena wa m'ngolo? Anagundana ndi chiyani? Anavala chipewa choteteza mutu? Pa njingayo anali angati? Ndipo zinachitikira pati? "Pa M1" si yankho, chifukwa msewu umenewu ukutsika phiri kuchokera ku Blantyre, kudutsa Thabwa, Dyeratu, Nchalo, Ngabu, Bangula, Tengani mpaka Nsanje ndi Marka. Konzani mndandanda wa malo odziwika, monga misika, milatho ndi makhona, kuti aliyense azitchula malo ndi dzina limodzi. Pakatha miyezi 6 mudzaona malo awiri kapena atatu akubwerezabwereza, ndipo imeneyo ndi nkhani yoti mupite nayo kwa apolisi apamsewu ndi ku khonsolo.

Za nyama muzilembe mwa njira yomweyo. Wogwidwa ndi ng'ona ankatani: kutunga madzi, kuchapa, kuwedza, kuwoloka, kapena kukumba nyika? Pa dooko liti? Chaka cha njala amayi amalowa m'madambo a Elephant Marsh kufuna nyika, ndipo kaundula wolembedwa bwino amaonetsa zimenezi njala isanalengezedwe pa wailesi. Wolumidwa ndi njoka, lembani ngati njokayo anaiona, ngati anamanga chingwe kapena kutema mphini asanabwere, ndiponso ngati mankhwala opha ululu analipo tsiku limenelo. Wopsa, lembani chomuotcha, kaya phala, madzi owira kapena moto, ndipo funsani ngati ali ndi khunyu. Mwana wogwa mu mtengo, lembani kuti ndi mtengo wanji. Nyengo ya mango imadziwika mu wodi ya ana ndi mikono yothyoka. Wotemeka ndi chikwanje, siyanitsani amene wadzitema ali pa ntchito, monga m'munda wa nzimbe, ndi amene wachita kutemedwa.

Pali funso limodzi lofunika ulemu: kodi zinachitika mwangozi, anachita kumuvulaza wina, kapena anadzivulaza yekha? Mayi amene wabwera ndi mwamuna wake ali pambali adzakuuzani kuti anagwa pa chitsime. Musatsutsane naye pagulu, ndiponso musachonge msanga. Siyani bokosilo, muuze namwino, afunsidwe ali yekha kuseri kwa katani. Zikadziwika kuti ndi nkhanza za m'banja kapena kugwiriridwa, nkhaniyo siithera pa fomu yanu, ipite kwa amene amathandiza anthu otere pa chipatalapo.

Zoyeza zapakhomo: bokosi lopanda kanthu liposa la bodza

Tsiku lina ndikulowetsa mafomu a masabata awiri ndinaona kuti BP ya anthu oposa 30 otsatizana inali 120/80. Mnyamata wothyoka ntchafu, 120/80. Agogo ogundidwa ndi ngolo, 120/80. Mwana wa zaka 6, 120/80. Nditafunsa ndinapeza kuti mabatire a makina anali atatha, ndipo anzathu ankaopa kubweza fomu yosadzaza chifukwa ine ndemwe ndinkakalipa ndikaona mabokosi opanda kanthu. Mmodzi mwa anthu amenewo anamwalira usiku womwewo ndi magazi otayikira m'mimba, ndipo pepala lathu linkati anafika ali bwinobwino. Kuyambira pamenepo ndinasiya kukalipira mipata. Ndinaika zilembo zitatu: "sizinayezedwe", "sizikudziwika", ndi "sizikumukhudza". Izi ndi zinthu zitatu zosiyana, ndipo ziro si iliyonse mwa izo. Mukalemba 0 pa BP mukunena kuti mtima unaima.

Zoyeza zofunika ndi BP, kugunda kwa mtima, kapumidwe pa mphindi imodzi, mpweya wa m'magazi ngati kamakina kapachala kalipo, ndi mmene munthu akutsitsimukira. Zilembedwe zoyamba zenizeni, asanamuike diripi. Kapumidwe ndiko kamene anthu amakonda kulota, chifukwa kamafuna kuima ndi wotchi kuwerenga chifuwa. Mukaona 20 paliponse, dziwani kuti sakuwerenga.

Ndi zimenezi mutha kupeza Kampala Trauma Score, muyeso umene unapangidwa ku Uganda poganizira zipatala zonga zathu, zopanda sikani. Ulipo wa mitundu iwiri, wakale wofika 16 ndi wachiwiri wofika 10. Sankhani umodzi ndipo mulembe pa fomu kuti ndi uti. Wachiwiriwo umayenda motere. Zaka 5 mpaka 55 ndi 1, zina zonse ndi 0. BP yam'mwamba yoposa 89 ndi 2, ya 50 mpaka 89 ndi 1, yotsika kuposa apo ndi 0. Kupuma ka 10 mpaka 29 ndi 2, ka 30 kapena kuposa ndi 1, ka 9 kutsika ndi 0. Wodziwa zonse ndi 3, woyankha ukamuitana ndi 2, woyankha ukamutsina ndi 1, wosayankha ndi 0. Wopanda bala lalikulu ndi 2, wa limodzi ndi 1, wa oposa limodzi ndi 0. Tiyerekeze bambo wa zaka 34 wagwa pa kabaza, BP yake 84, akupuma ka 32, akutsegula maso ukamuitana, ntchafu yathyoka: 1, 1, 1, 2, 1, pamodzi 6. Pa muyeso umenewu 9 ndi 10 ndi kuvulala pang'ono, 7 ndi 8 ndi kwapakati, 6 kutsika ndi koopsa. Phindu lake n'lakuti wina akadzati chipatala chanu chimafetsa anthu, mudzatha kuonetsa kuti anafika ali otani. Mudzathanso kuona, ndipo izi zimawawa, amene anafika ndi 9 koma n'kumwalira. Mafayilo amenewo ndiwo oyenera kukambidwa pa msonkhano wa m'mawa.

Mabala muwalembe mbali ya thupi ndi mtundu wake: mutu, khosi, chifuwa, mimba, msana, chiuno, mkono, mwendo, kuthyoka kotseguka kapena kotsekeka, kuchekeka, kupsa. Zimenezi alembe wachipatala, osati kalaliki wongoyang'ana ndi maso.

Kutseka fomu

Ntchito imene imasiyidwa kwambiri ndi iyi. M'mawa uliwonse, anamwino akangomaliza kupatsirana odwala, tengani mafomu onse osatsekedwa muyende nawo m'mawodi. Mufunse bedi ndi bedi: alipo? Anapita ku fiyeta liti? Anapatsidwa magazi? Amene kulibe, anatuluka bwanji? Mathero ndi awa: watulutsidwa, wamwalira, watumizidwa kwina, wachoka yekha. Wochoka yekhayo musamubise pa otulutsidwa. Ambiri amathawa chifukwa gadiyani chakudya chamuthera, kapena akupita kukamangitsa fupa kumudzi, ndipo ena amabweranso pakatha milungu itatu mwendo utawola. Nambala ija m'kabuku ndiyo idzakuuzeni kuti ndi yemwe uja.

Wotumizidwa ku Queen Elizabeth Central Hospital nkhani yake sinathe pamene ambulansi yatuluka pa geti. Lembani ola limene akiliniko analamula kuti apite ndi ola limene galimoto inanyamukadi, chifukwa pakati pa awiriwa pamabisala kusowa kwa mafuta ndi kudikira dalaivala. Namwino woperekeza akabwerako akuuzeni ngati anafika wamoyo. Tengani nambala ya foni ya gadiyani, mutamupempha chilolezo, ndipo pakatha masiku 30 muimbe. Yambani ndi moni ndi kudzitchula, musafunse mwachindunji, chifukwa nthawi zina mukuimbira nyumba ya maliro: "Pepani bambo, ndine wa kuchipatala kuja munabwera ndi achimwene anu, ndimati ndimve kuti akupeza bwanji." Ngati foni siikupezeka katatu, lembani "sizikudziwika". Musalembe kuti anachira.

Kulowetsa mu kompyuta

Lowetsani tsiku lililonse, osadikira kutha kwa mwezi. Fomu ya dzulo mutha kubwerera nayo kwa amene analemba akadakumbuka. Ya mwezi watha palibe angaikumbuke. Mapulogalamu monga KoboToolbox ndi ODK amagwira pa tabuleti kapena foni popanda intaneti, n'kutumiza netiweki ikabwera. Ubwino wake mutha kuwaikira malire: akane zaka zoposa 110, akane tsiku lotuluka lotsogola tsiku lofika, achenjeze BP ikapitirira 250. Ngati muli ndi Excel yokha, tsekani mizati kuti munthu azisankha pa mndandanda m'malo motayipa, apo ayi mudzapeza ng'ona yalembedwa mitundu isanu. Samalani ndi madeti, chifukwa kompyuta ina imawerenga 03/04 ngati March 4 pamene inu mumatanthauza 3 April.

Kutentha kwa October ndi November kuno kumapitirira madigiri 40, ndipo tabuleti yosiyidwa pawindo batire yake imatupa. Magetsi nawo mukuwadziwa. Choncho pepala musalitaye ngakhale mutalowetsa. Lachisanu lililonse koperani deta malo awiri, amodzi mwa iwo akhale kunja kwa chipinda chanu.

Kamodzi pa mwezi tengani fomu imodzi pa 10 iliyonse, munthu wina aifanize ndi zimene zili mu kompyuta. Kenako tengani buku la ku fiyeta, la ku X-ray, la ku mochale ndi la ambulansi, muwerenge ovulala amene ali m'menemo koma mulibe mwanu. Chiwerengero chimenecho ndicho chimakuuzani khomo limene likudontha.

Chinsinsi cha wodwala

Kuno tonse timadziwana. Kalaliki akhoza kukhala mlamu wa amene anamenya mayi uja. Mafomu akhale m'kabati yokhoma, kompyuta ikhale ndi pasiwedi ya munthu aliyense payekha. Mayina ndi manambala a foni muwasunge pa fayilo ina, yolumikizana ndi deta kudzera pa nambala ya kaundula yokha. Zithunzi za mabala ndi za mafomu zisayende pa WhatsApp, ngakhale pa gulu la antchito. Dziko lino lili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024, ndipo za umoyo wa munthu zili m'gulu la zinthu zotetezedwa kwambiri. Wapolisi akafuna lipoti la wodwala, adzere kwa akuluakulu a chipatala, osati pa tebulo lanu. Wophunzira kapena wofufuza akafuna deta, aonetse chilolezo cha komiti yovomereza kafukufuku, monga NHSRC kapena COMREC, pamodzi ndi kalata ya akuluakulu a zaumoyo m'boma, ndipo alandire yopanda mayina.

Bwezani zimene mwapeza

Namwino amene wadzaza mafomu miyezi itatu osamvapo kanthu amasiya, ndipo sindingamudzudzule. Mwezi uliwonse tulutsani tsamba limodzi: ovulala onse, zowavulaza zisanu zotsogola, malo obwerezabwereza, nthawi imene anthu amatha panjira, otumizidwa, omwalira, ndi kuchuluka kwa mabokosi osadzazidwa. Muliwerenge pa msonkhano wa m'mawa, mumate ku OPD, mupereke ku DHMT, gulu loyendetsa zaumoyo m'boma. Ziwerengero zimene unduna umafuna zipite mu DHIS2, pulogalamu imene unduna umasungiramo ziwerengero, kudzera kwa a HMIS, ndipo muonetsetse kuti zanu ndi zawo sizikutsutsana. Za ng'ona ndi mvuu zifike kwa a zanyama zakutchire ndi kwa mafumu a madooko otchulidwawo. Pamene chiwerengero chili chochepa, monga munthu mmodzi wa mudzi wakuti wodzivulaza yekha, musatchule mudziwo, chifukwa aliyense adziwa kuti ndi ndani.

Dzinja lisanafike

January 2015, namondwe Idai mu March 2019, namondwe Ana mu January 2022, namondwe Freddy mu March 2023: nthawi zonsezi madzi anatipeza, ndipo pa namondwe Ana msewu wa M1 unaduka m'malo angapo, magetsi anathima dziko lonse malo opangira magetsi a Kapichira atawonongeka. Masiku otero ndi amene ovulala amachuluka, ogwetsedwa ndi makoma, ochekedwa ndi malata, olumidwa ndi njoka zothawa madzi, ndipo ndi masiku omwewo amene tabuleti imakhala yozima. Choncho November asanathe konzani chidebe cha pulasitiki chokhala ndi chivindikiro cholimba. Muikemo mafomu 200 okhala ndi manambala kale, mapensulo chifukwa inki imasungunuka ikanyowa, cholembera chosafufutika, pulasitala yomata ndi tochi. Anthu akabwera ambiri nthawi imodzi, lembani nambala pa pulasitala, mumate pa mkono wa aliyense, ndipo pa fomu mudzaze zinayi zokha: mwamuna kapena mkazi, zaka moyerekeza, chomuvulaza ndi ola lofika. Zotsalazo mudzazitsata mawa lake m'mawodi. Magulu opita ku misasa ya othawa madzi muwapatse mafomu awoawo, mutalemba m'buku kuti manambala akuti mpaka akuti apita ndi yani. Mabokosi a mafomu akale muwachotse pansi, muwakweze pa shelefu yam'mwamba, ndipo kiyi wachiwiri wa kabati akhale ndi namwino wamkulu wa usiku.